Wodwala Asafunsidwe Ndalama Pakhomo la Chipatala

Ndikulemba ndili kumunsi kuno, m'chigwa cha Shire, m'boma la Chikwawa, kumene ndakhala ndikuphunzitsa ana pa madrasa kwa zaka 11. Madzi amene amatuluka m'nyanja kwanu ku Mangochi, n'kudzera m'Malombe ndi pa Liwonde, ndi omwewo amene amayenda pansi pa mlatho wa Kamuzu kwathu kuno. Udzudzu umene umakulumani ku Makanjira ndi ku Chipoka ndi womwewo umene umatisowetsa tulo ku Ngabu ndi ku Makhwira. Choncho nkhani ndabwera nayoyi musaiyese ya Asena ndi Amang'anja okha.

M'kalasi mwanga muli mnyamata wa zaka 7 amene dzina lake ndilibisa. Chaka chatha anali patsogolo pa anzake onse pa kuloweza, moti ndinkamuimika kuti azitsogolera ang'onoang'ono. Tsiku lina Lachinayi usiku thupi linamutentha. Chipatala chimene chili pafupi ndi mudzi wawo ndi cha mishoni, ndipo pa mgwirizano wake ndi boma chimathandiza mwaulere amayi oyembekezera ndi ana osapitirira zaka 5. Mwanayu anali atapyola msinkhu umenewo ndi zaka 2, ndiye kuti akanapita akanalipira. Chipatala cha boma chili kutali, ndipo wa kabaza sanyamula munthu pa ngongole. Amayi ake anachita zimene mayi aliyense wosauka amachita: anagula panado pa golosale, anamufunditsa nsalu yonyowa, n'kunena kuti tione mawa. Lachisanu anapita ku ganyu kuti apeze yolipirira. Loweruka m'bandakucha mwana anayamba kukomoka. Apo m'pamene abambo ake anathamangira kwa wa katapila.

Madokotala ndi anamwino anagwira ntchito yawo bwino, ndipo mwa chifundo cha Allah mwanayo ali moyo. Koma malungo anali atafika kale ku ubongo. Atabwerera ku madrasa patatha mwezi ndi theka, zimene analoweza zinali zitabalalika, ndipo mpaka lero ndimamubwerezera chilembo chimodzi kasanu. Banjalo linagulitsa mbuzi ziwiri ndi mapira amene linasungira mwezi wa njala, ndipo ngongole ya katapila ikadali kubereka. Matenda amene Lachisanu m'mawa akanatha ndi kuyeza magazi pachala ndi mapiritsi a LA a masiku atatu anadya chuma chonse cha pakhomo ndi gawo la nzeru za mwana. Chimene chinachedwetsa mwanayu ndi chimodzi chokha: amayi ake ankadziwa kuti pakhomo la chipatala akafunsidwa ndalama, ndipo analibe.

Ndafotokoza zimenezi chifukwa mawu akuti "zaulere zinatha, aliyense azilipira kuchipatala" ayambanso kumveka kawirikawiri, pa wailesi, m'misonkhano ya akuluakulu, ngakhalenso pa khonde la mzikiti tikatha Swala. Amene amawanena ambiri ndi anthu ophunzira, olandira malipiro pa mwezi, ndipo ena ali ndi khadi la MASM m'thumba. Ine ndikutsutsana nawo, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake mwadongosolo.

Inshuwalansi ya wosauka

M'mayiko ena munthu wosauka amalembetsedwa ku inshuwalansi ya boma, n'kupatsidwa khadi loonetsa kuchipatala. Kuno kwathu kulibe zotero. Amene ali ndi inshuwalansi ya zaumoyo m'Malawi ndi ochepa kwambiri, makamaka apantchito za m'maofesi ndi m'makampani akuluakulu. Msodzi wa ku Malembo ndi mlimi wa thonje wa kwa Chapananga inshuwalansi yawo ndi ya miyendo itatu ngati mafuwa. Loyamba ndi chipatala cha boma chimene sichilipiritsa. Lachiwiri ndi mgwirizano wa boma ndi zipatala za CHAM, umene unayamba mu 2006, woti kumene chipatala cha boma chili kutali, cha mishoni chizithandiza amayi ndi ana mwaulere ndipo boma lizibweza ndalamazo. Zipatala za CHAM zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Kuchigwa kuno aliyense amadziwa St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Lachitatu ndi ndalama za mayiko ndi mabungwe akunja, zimene kwa zaka zambiri zakhala zikupitirira theka la ndalama zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'Malawi. Mukachotsa fuwa limodzi, mphika sukhala.

Fuwa lachitatuli ndi limene lagwedezeka. Pa 20 Januwale 2025 mtsogoleri wa dziko la America, a Donald Trump, analamula kuti thandizo lopita kunja liyambe laima, ndipo pofika Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Dziko la America linkapereka ku Malawi ndalama zoposa madola 350 miliyoni pa chaka, ndipo gawo lalikulu linali la zaumoyo. Mu Febuluwale 2025 nalo boma la Britain linalengeza kuti lichepetsa thandizo lake lakunja kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chake pofika 2027. Britain ndi limodzi mwa mayiko amene, pamodzi ndi Norway ndi Germany, akhala akuika ndalama m'thumba limene lakhala likuthandiza kulipira mgwirizano uja wa zipatala za CHAM.

Munthu wa kumudzi angafunse kuti za ku Washington ndi ku London zikumukhudza pati. Zikumukhudza pa masikito amene amalandira ku sikelo, pa tizipangizo toyezera malungo, pa mankhwala a udzudzu amene ankapoperedwa m'nyumba za ku Nkhotakota ndi ndalama za America, ndi pa njinga yamoto imene imatenga magazi ku chipatala chaching'ono kupita nawo kokayezedwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno ali ndi kachilombo ka HIV. Mankhwala awo a ma ARV, amene akhala aulere kuyambira 2004, amagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund, koma ambiri mwa alangizi, olemba m'kaundula ndi olondola odwala amene asiya mankhwala ankalipidwa ndi ndalama za America. Botolo la mankhwala likhoza kukhala pa shelefu, koma ngati wolipereka ndi wolondola wachotsedwa ntchito, wodwala wa kutsidya kwa mtsinje salifikira.

Onjezerani apo kugwa kwa kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mankhwala ambiri timaitanitsa kunja ndi madola, choncho ndalama yomweyo ya boma ikugula mankhwala ochepa kuposa kale. Vutoli ndi lenileni, ndipo sindikulikana. Chimene ndikukana ndi yankho lakuti dzenje limene lasiyidwa ndi olemera a kunja likwiriridwe ndi mbuzi ya mayi wamasiye.

Zimene kulipiritsa kumachita

Nkhaniyi si yoyerekeza, inayesedwa kale, ndipo inayesedwa pafupi pompano. Ku Neno, kumtunda kwa Shire yemweyu, ofufuza anawerenga mabuku a zipatala za m'bomalo kwa zaka zingapo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2016. Pamene zipatala zina zinayamba kulipiritsa, chiwerengero cha odwala obwera kudzalandira chithandizo chinatsika ndi 68 peresenti. Pamene malipiro anachotsedwa, chinakwera ndi 352 peresenti. Tiyeni tidzifunse: anthu 68 pa 100 aliwonse amene anasiya kubwerawo, kodi anachira? Kodi udzudzu unamva kuti chipatala chayamba kulipiritsa n'kusiya kuluma? Iwo anadwalabe monga kale, koma anadwalira m'nyumba, monga anachitira wophunzira wanga uja.

Mayiko ena a mu Africa anayenda njira imeneyi tisanaiganize ife. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ambiri anakakamizidwa ndi obwereketsa ndalama, makamaka World Bank, kuti ayambe kulipiritsa m'zipatala za boma. Ndalama zimene anatolera zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zipatala zimafuna, koma odwala osauka anathawa. Uganda inachotsa malipirowo mu 2001. Zambia, mnansi wathu, inawachotsa m'zipatala za kumidzi mu 2006. Mu 2013 mkulu wa World Bank yemwe, a Jim Yong Kim, anavomereza pamaso pa msonkhano wa zaumoyo wa dziko lonse kuti kulipiritsa wodwala pa nthawi imene akufuna chithandizo n'kosalungama ndipo n'kosafunika. Ngati mwini nzeru uja anaitaya yekha, ife tikuitoleranji?

Palinso china chimene a m'mbali mwa nyanja mukuchidziwa kuposa ine. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo sunaonekepo waukulu chotere m'mbiri ya dziko lino. Mangochi, Salima ndi Nkhotakota analira maliro ambiri. Matenda a kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, ndipo chimene chimapulumutsa ndi kufika msanga pamene pali thanzi ndi madzi a dilipi. Munthu mmodzi akazengereza chifukwa choopa malipiro, chimbudzi chake ndi zovala zake zimaipitsa madzi a mudzi wonse. Chimodzimodzi chifuwa chachikulu: wosauka amene sanapite kukayezetsa amakhosomolera mu minibasi momwe mwakwera wolemera, ndipo amaima naye phewa ndi phewa pa mzere wa Swala ya Ijumaa. Amene akuganiza kuti khadi lake la inshuwalansi limutchinjiriza ku matenda a mnansi wake wosauka akudzinamiza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuyankha otsutsa

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si chilungamo kuzinyalanyaza.

Amati: "Zaulere zake ziti? Ukapita kuchipatala cha boma amakulembera m'buku n'kukuuza kuti ukagule ku famase. Si bwino tingolipira kuti mankhwala azipezeka?" Zoti mankhwala amasowa n'zoona, ndipo palibe Mmalawi amene sanabwerereko ndi buku lolembedwa koma m'manja muli mbee. Komabe taonani zimene wosauka amapezabe ngakhale pa tsiku loipa: amayezedwa, amauzidwa chimene akudwala, mwana amabayidwa katemera, mayi amachira m'manja mwa mzamba wophunzira, wovulala amasokedwa. Mukaika malipiro pakhomo, mwamulanda ngakhale zimenezo. Ndiponso ndani watilonjeza kuti ndalama yotoleredwa pawindo idzasanduka mankhwala? Mankhwala amasowa pa zifukwa zodziwika: ndalama zogulira n'zochepa, boma limachedwa kulipira ngongole zake kwa ogulitsa, ndipo ena amabedwa n'kukagulitsidwa m'misika ndi m'zipatala za anthu wamba. Dziko limene linaona Cashgate mu 2013 lisatiuze kuti vuto lake ndi lakuti osauka sakupereka mokwanira. Ndowa ikamadontha, wanzeru amamata kaye pobowoka asanatume mwana kukatunganso madzi.

Amatinso: "Osaukitsitsa tidzawapatula, iwo sadzalipira." Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma tifunse kuti wopatulayo adzakhala ndani. Tonse taona mmene mayina amalembedwera pa makuponi a feteleza ndi pa Mtukula Pakhomo: ovutikadi ena amatsala, achibale a olemba n'kulowa. Nanga m'boma ngati Chikwawa, kumene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda, ziweto ndi nyumba, kumene chaka cha chilala anthu amakazula nyika m'madambo momwe muli ng'ona kuti ana adye, mudzapatula ndani n'kusiya ndani? Amene chaka chino ali ndi ng'ombe zisanu, chaka chamawa ali mu tenti pa sukulu. Komanso mayi amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku alibe nthawi yokafuna kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ndi wosauka. Kungomva mphekesera yoti tsopano kuchipatala n'kolipira n'kokwanira kumukhazika pakhomo.

Ena amati: "Chaulere sichilemekezedwa; munthu azipereka kangachepe kuti adziwe kufunika kwake." Apa ndiye pamandipweteka. Ndani ananena kuti wosauka sapereka? Akagula sopo, shuga, mayunitsi a foni kapena chitenje, msonkho uli momwemo. Akakwera galimoto, msonkho wa mafuta uli mu mtengo wa ulendo. Akayala usipa wake pamsika, wa khonsolo amabwera ndi chiphaso. Chipatala cha boma si mphatso ya nduna kapena ya phungu. Ndi katundu wa anthu amene analipira kale. Ndipo amene amaganiza kuti anthu amapita kuchipatala mwachisawawa sanayendepo makilomita 10 pa dzuwa la Okutobala la kuchigwa kuno, mwana ali kumsana, n'kukakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana.

Mfundo yomaliza ndi ya inshuwalansi ya dziko lonse, imene Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuikambirana kuyambira cha m'ma 2015. Iyi sindiikana yonse. Ghana inakhazikitsa yake mu 2003, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limachokera ku msonkho wapadera wa 2.5 peresenti pa malonda, osati m'thumba la wodwala pa tsiku la matenda. Ku Rwanda osaukitsitsa amalipiriridwa ndi boma. Ngati inshuwalansi ikutanthauza kuti amphamvu ndi opeza bwino azisonkha pasadakhale kuti wodwala aliyense athandizidwe, imeneyo ndi nzeru ya mutu umodzi susenza denga, ndipo ndiilandira. Koma ngati ikutanthauza kuti wokhala ndi khadi alowe, wopanda khadi abwerere, m'dziko limene anthu ambiri salandira malipiro a pa mwezi, ndiye kuti tamanga zipatala ziwiri m'nyumba imodzi. Zipinda zolipira zimene zili kale m'zipatala zikuluzikulu zitichenjeze: dokotala ndi mmodzi yemweyo, ndipo nthawi imene akuthera kwa wolipira yachotsedwa kwa wina.

Tiyang'anenso kumene kwachokera mphepoyi. Ku America komweko kuli inshuwalansi ya boma ya anthu osauka yotchedwa Medicaid, imene inayamba mu 1965. Pa 4 Julayi 2025 kunasainidwa lamulo lodula ndalama zake kwinaku likuchepetsa misonkho, ndipo ofesi ya nyumba ya malamulo ya kumeneko yowerengera za chuma inati pofika 2034 anthu pafupifupi 10 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi chifukwa cha lamulolo. Dziko lolemera chotero silinasowe ndalama. Linasankha amene asenze katundu. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti kudula chithandizo cha osauka nthawi zonse kumabwera ndi mawu akuti "palibe kuchitira mwina", pamene kwenikweni pali kusankha.

Kumene ndalama zili

Mu Epulo 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anasonkhana ku Abuja, ku Nigeria, n'kulonjeza kuti dziko lililonse lizipereka 15 peresenti ya bajeti yake ku zaumoyo. Malawi anali nawo. Papita zaka zoposa 20, ndipo m'zaka zambiri takhala pansi pa mlingo umenewo, maboma a zipani zosiyanasiyana akusinthana. Tinazolowera kuti mwana wathu azidyetsedwa ndi mlendo, ife n'kumawononga zathu pa maulendo, magalimoto a akuluakulu ndi misonkhano ya kunyanja imene inu a ku Mangochi ndi ku Salima mumaiona ndi maso anu, magalimoto a boma atandandalika pa mahotela. Lero gawo lalikulu la bajeti likupita ku chiwongoladzanja cha ngongole zimene mlimi wa kwa Ngabu sanafunsidwe pozitenga.

Atsogoleri athu akadwala amakwera ndege. Kamuzu Banda, amene anali dokotala, anamwalirira m'chipatala cha ku Johannesburg mu 1997, ndipo chizolowezi chokalandira chithandizo ku South Africa ndi ku India sichinathe. Munthu amene sagona pa bedi la chipatala cha boma sangamve kuwawa kwa kusowa kwa magolovesi. Asanabwere kudzatiuza kuti timange lamba, atisonyeze kaye pamene iwo amanga.

Ndipo asatiuze kuti chithandizo chaulere sichibala zipatso. Mu 2011 Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, njira imene mayiko ena anadzatengera kwa ife. Mu Epulo 2019 tinakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo Chikwawa, Nsanje, Mangochi ndi Machinga anali m'gulu la maboma oyambirira. Mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda ya maso imene inkachititsa khungu anthu ambiri kuchigwa kuno. Zonsezi zinatheka chifukwa palibe anafunsidwa ndalama. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo, ndipo anthu anatsegula zitseko.

Tidziyang'ane ifenso

Ndikanalakwa ndikanaloza chala boma lokha. Ife Asilamu tili ndi mbiri pa nkhaniyi imene iyenera kutichititsa manyazi. Mu 1154 Nur al-Din anamanga chipatala ku Damascus, ndipo mu 1284 Sultan Qalawun anamanga china chachikulu ku Cairo. Zipatala zimenezi zinkayendetsedwa ndi waqf, kutanthauza chuma chimene munthu wachipatula kuti phindu lake lizitumikira anthu mpaka kalekale, ndipo odwala ankathandizidwa popanda kulipira. Mabuku a mbiri amasimbanso za Khalifa Umar (Allah asangalale naye), kuti atapeza nkhalamba yosakhala Msilamu ikupemphetsa, analamula kuti izisamalidwa kuchokera m'thumba la boma, poona kuti n'kulakwa kudya msonkho wa munthu ali ndi mphamvu n'kumutaya atakalamba. Mfundo yoti wolamulira ali ndi udindo pa wodwala ndi wofooka sitinaibwereke kwa azungu.

Nanga lero tili pati? Amayi ndi ana athu ambiri amachira m'zipatala zimene anamanga ndi Akhristu, ndipo tiyenera kuwathokoza poyera. Ife tamanga mizikiti yokongola, ina yoyandikana moti ma azana amalowana, koma zipatala zathu n'zowerengeka. Munthu akamwalira, ndalama ya sanda, ya galimoto ndi ya mpunga wa sadaka imapezeka tsiku lomwelo. Munthu yemweyo ali kudwala, ya kabaza inasowa. Ndakhalapo pa maliro pamene chakudya chimene tinadya chikanalipira chithandizo cha malemuyo kawiri. Titawerama n'kunena kuti inali nthawi yake, ndinadzifunsa ngati sitikubisa ulesi wathu kuseri kwa chikonzero cha Allah. Zoona, palibe amafa nthawi yake isanakwane. Koma Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo tidzafunsidwa za zimene zinali m'manja mwathu.

Zimene zili m'manja mwathu n'zambiri. Mzikiti uliwonse ukhoza kukhala ndi thumba la odwala, losungidwa ndi anthu atatu okhulupirika, amayi akhalemo, ndipo ndalama zake zizilengezedwa poyera mwezi uliwonse. Ntchito yake yoyamba ikhale ya mayendedwe: kugwirizana ndi a kabaza awiri kapena atatu kuti wodwala akapezeka usiku anyamulidwe kaye, malipiro adzatenge ku thumba. Osauka, osowa ndi omangidwa ndi ngongole ali m'gulu la oyenera kulandira Zakaat, choncho eni mashopu, eni maboti ndi ana athu a ku Joni amene amatulutsa Zakaat yawo akumbukire banja limene lagwa m'katapila chifukwa cha matenda. Magulu a banki m'khonde a amayi athu akhoza kupatula kathumba ka matenda kobwereketsa popanda chiwongoladzanja. Koma ndinene mosabisa: zonsezi ndi chigamba. Thumba la mzikiti silingagule makina a opaleshoni kapena kulipira namwino. Tisalole kuti chifundo chathu chikhale chifukwa choti boma lithawe udindo wake.

N'chifukwa chake tiyeneranso kulankhula. Chipatala chilichonse chaching'ono chili ndi komiti ya anthu a m'deralo imene imayenera kuonerera mankhwala akamafika. Tilowemo, ndipo tizifunsa kuti afika angati, atha liti. Phungu ndi khansala akabwera pa mzikiti kudzapereka moni, tisamangopempha malata ndi makapeti. Tiwafunse kuti anavota bwanji pa bajeti ya zaumoyo, kuti ndalama za chitukuko cha dera zagula chiyani pa chipatala, ndiponso ngati boma lalipira ngongole yake ku chipatala cha mishoni cha m'dera lathu, poti boma likachedwa kulipira, zipatala zina zimaimitsa mgwirizano n'kuyambanso kulipiritsa amayi oyembekezera. Mashehe ndi mabungwe athu akakhala pamodzi ndi abusa ndi ansembe pa nkhani za dziko, imeneyi ikhale pamwamba. Pempho lathu likhale lomveka: chithandizo cha m'zipatala za boma chikhalebe chaulere pakhomo, mgwirizano ndi zipatala za mishoni ulipiridwe pa nthawi yake, ndipo ukuzidwe kuti malungo, kutsegula m'mimba ndi chibayo zizithandizidwa mwaulere kwa ana a msinkhu uliwonse, lonjezo la ku Abuja likwaniritsidwe ndi misonkho yathu, ndipo wakuba mankhwala, kaya ndi wamkulu bwanji, aziona ndende.

Wophunzira wanga uja amakhala kutsogolo, pafupi ndi ine, kuti azimva bwino. Sabata yatha anatha kuwerenga mzere wathunthu osalakwitsa, ndipo anzake anamuombera m'manja. Mng'ono wake wamkazi akwanitsa zaka 5 mwezi wa Disembala, mvula ikamayamba ndi udzudzu ukamaswana, ndipo kuyambira tsiku limenelo nayenso adzakhala wolipira. Amayi awo anandifunsa ngati pali chimene chingachitike mwanayo asanafike pamenepo. Ndinawalonjeza kuti ndilemba, ndipo ndalemba. Allah atipatse mitima yomva ndi malilime osaopa, ndipo achiritse odwala athu onse, a kunyanja ndi a kuchigwa.